Tsamba Lopanda Mwini

Ahedi asanamalize n'komwe kulankhula, Pulofesa anali atasuntha kale phazi lakumanja. Kwa zaka zitatu, mawu akuti "woyamba" akamveka pa asembule, wokwera masitepe atatu a kutsogolo kwa holo ankakhala iyeyo. Dzina la Pulofesa anamupatsa ndi anzake ali Fomu 1, ataona kuti mtsikanayu ankakonza ngakhale aphunzitsi akalakwitsa pa bolodi.

"Mpikisano wa chimangirizo wa chaka chino," anatero ahedi akuyang'ana pepala, "wapambana ndi mtsikana wa Fomu 3."

Pulofesa anakonza kolala ya bulauzi. Koma dzina limene linatuluka pakamwa pa ahedi linali la msuweni wake.

Holo yonse inaphulika. Ana anayamba kuwomba m'manja uku akufuula dzina lomwe anamupatsa mtsikanayo chifukwa cha kusalankhulalankhula kwake. "Chete! Chete! Chete!" Aphunzitsi nawonso anakuwa kuti, "Chete!" pofuna kuti phokoso lithe, koma apo ndiye anangothira mafuta pamoto. Pulofesa anabweza phazi lija pang'onopang'ono. Anamva kuti dzina lake latchulidwa pa nambala yachiwiri, koma linamveka ngati likuchokera m'chitsime.

Chete anali mwana wa amalume ake. Anabwera kudzakhala nawo kumayambiriro kwa chaka, amalumewo atapeza ntchito yomanga misewu kutali kumene kunalibe sekondale. Poyamba Pulofesa anakondwa. Anamupatsa theka la shelefu, bedi la pamwamba, komanso ankamuthandiza masamu. Kukhala ndi munthu womuphunzitsa kunkamukomera. Sanaganizepo kuti tsiku lina munthu yemweyo adzakwera masitepe aja, iye ali pansi n'kumawomba m'manja.

Wopambana ankayenera kupita mumzinda Lachisanu la sabata yachitatu, kukapikisana ndi ana a sukulu zina zonse. Wachiwiri ankalandira cholembera ndi kugwiridwa chanza basi.

Nyumba yawo inali ndi zipinda zitatu, ndipo cha kutsogolo ndi chomwe amayi a Pulofesa ankasokeramo. Munali makina akale opondera ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, ndi chingwe chopachikapo zovala zomwe eni ake sanabwere kudzatenga. Madzulo a tsiku limenelo, sukulu inaika zimangirizo ziwiri zopambana pa tsamba lake la pa intaneti. Amayi anasiya diresi la mkwati pa makina n'kupereka foni kwa Chete.

"Tandiwerengera, mwana wa achimwene. Maso angawa atha ndi singano."

Mutu wa mpikisano unali wakuti, "Munthu amene ntchito yake ndimaisirira." Pulofesa analemba za madokotala ochita opaleshoni ya ubongo, ndipo anawerenga mabuku kwa masiku asanu kuti apeze mawu akuluakulu. Chete analemba za azakhali ake. Analemba za mmene amagwirira mapini pakamwa n'kumalankhulabe ndi kasitomala, za lamba wa makina wolumikiza ndi waya, za chala chawo cha mkombaphala chomwe chinauma ngati khungwa. Analemba kuti azakhali ake akamayeza munthu wonenepa satchula nambala mokweza, amangolemba m'kabuku mwakachetechete.

Chete ankawerenga ndi mawu otsika. Atafika pakati anaima, n'kukwinya nkhope.

"Pitiriza," anatero amayi.

"Apa alemba kuti, 'Azakhali anga akakhala pa makani awo, palibe angawasunthe.' Koma ine ndinalemba makina, Azakhali. Ndi alembi a kusukulu alakwitsa potayipa."

Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti. "Asiye, asiye! Alembiwo amandidziwa bwino. Makani ndili nawodi!" Koma Chete atafika kumapeto, kuseka kuja kunasanduka misozi. Anatola kansalu kotsala pansi n'kupukuta m'maso. "Zaka makumi awiri ndili pa mpando uwu, palibe anandiona chonchi."

Pulofesa anali pakona akusita yunifolomu. Mawu amenewo anamubaya ngati singano yolowa pansi pa chikhadabo. Amayi amenewa ndi anga, anatero mumtima. Makinawa ndakula ndikuwamva, ndi amene ankandigoneka ndili wakhanda. Munthu wobwera dzana adziwe amayi anga kuposa ine?

"Changa ndikuwerengereninso, Amayi?" anafunsa.

"Eya, mwanawe, undiwerengere. Koma dikira ndimalize mkonowu, mkwati abwera mawa."

Mkono unatha, kenaka kunabwera zipi, kenaka mabatani. Chimangirizo cha madokotala sichinawerengedwe.

Sabata yonse imeneyo Pulofesa ankangomuona Chete paliponse. Aphunzitsi omwe kale ankati, "Pulofesa, tatithandiza," tsopano ankati, "Timve maganizo a mlembi wathu." Ana a Fomu 1 ankamulozerana pa thanki ya madzi. Ngakhale makasitomala a amayi ankalowa ndi funso lomwelo, "Uja wolemba uja ndi uti?" Chomwe chinkamupweteka kwambiri n'chakuti Chete sankadzitama. Akanakhala wonyada bwenzi kumuda kuli kosavuta. Koma iye ankangodzuka m'mamawa, kusesa tinsalu ta m'chipinda chosokera, n'kumufunsabe Pulofesa masamu ngati palibe chachitika.

Lolemba lotsatira, pa nthawi yopuma, Pulofesa anakhala pansi pa mtengo ndi mnzake wina yemwe aliyense ankamutchula kuti Wailesi. Mtsikanayu nkhani ikalowa m'khutu mwake, inkatulukira pakamwa isanazizire.

"Koma iwe, tandiuza zoona," anatero Wailesi akutafuna chingamu. "Munthu woti mawu ake timachita kuwawerenga pa zala, angalembe zotere? Masiku ano anthu amangokopera pa intaneti, amwali."

Mumtima mwa Pulofesa, mawuwo anagwera pa nthaka yolima kale. Atafika kunyumba anabwereka foni ya amayi, nati akufuna kufufuza za sayansi. Anakhala pa sitepe ya kuseri, natayipa chiganizo choyamba cha chimangirizo cha Chete, n'kudina.

Panatuluka masamba awiri. Loyamba linali la sukulu yawo. Lachiwiri linali tsamba lina lachilendo, lodzaza ndi zithunzi zothwanima zonena kuti wapambana foni ya makono. Pamwamba pake panalembedwa kuti, "Zimangirizo zaulere za ophunzira." M'munsi mwake munali ndime yoyamba ya Chete, liwu ndi liwu, popanda dzina la wolemba. Pakona yakumanja panali chaka. Pulofesa anawerengera pa zala. Chaka chimenecho iye ndi Chete anali Sitandade 6.

Sanawerenge mpaka pansi. Kamawu kena mkati mwake kanafunsa kuti, nanga munthu wakutali angadziwe bwanji za lamba wolumikiza ndi waya? Koma anakakankhira kumbali. Matelala onse ali ndi makina okalamba. Anajambula tsambalo, nazunguliza chaka chija ndi mzere wofiira kawiri, n'kutumiza kwa Wailesi.

"Taona izi. Koma usauze munthu," analemba. Kenaka anafufuta uthengawo mu foni ya amayi.

Ankadziwa bwino kuti kuuza Wailesi kuti asauze munthu kuli ngati kuuza tambala kuti asalire.

Pofika m'mawa chithunzicho chinali m'gulu la pa foni la Fomu 3, la Fomu 4, ndi la makolo lomwe. Chete atalowa m'kalasi, mnyamata wina kumbuyo analira ngati makina ojambula mapepala, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Pofika nthawi yopuma, dzina la Chete linali litatha. Tsopano anali Fotokope.

Ahedi anaitana Chete ndi Pulofesa ku ofesi. Anali munthu wotanganidwa, ndipo tsiku limenelo makolo anayi anali atawaimbira kale. Anatembenuza foni yawo kuti Chete aone.

"Izi ukuzidziwa?"

Chete anayang'ana kwa nthawi yaitali. "Mawuwo ndi anga, ahedi. Ndinalemba ndekha."

"Nanga afika bwanji apa zaka zisanu zapitazo?"

"Sindikudziwa. Koma kope lomwe ndinayambira kulembamo ndili nalo."

"Kukopera ndi dzanja aliyense angathe," anatero ahedi akupukuta thukuta. "Sindingalole kuti sukulu yathu ikachite manyazi mumzinda. Iwe ukhala. Apita ndi mnzakoyu."

Chete sanalire. Anangoyang'ana nsapato zake. Pulofesa anayembekeza kuti amva kukoma, ndipo kunabweradi, koma kunali ngati kukoma kwa nzimbe yoola mkati.

Kunyumba amayi anali atamva kale. Sanakalipe. Anangoimitsa makina n'kumuyang'ana Chete.

"Ndiye misozi yanga ija ndinkalirira azakhali a eni ake?"

"Ayi, Azakhali. Ndinalemba za inu."

"Ndikufuna ndikukhulupirire, mwana wa achimwene. Koma zalembedwa pa intaneti, chaka chake chili pomwepo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndingatsutse bwanji?"

Makina anayambanso kulira. Kuyambira tsiku limenelo Chete ankadya pang'ono, n'kukwera pa bedi lake dzuwa lisanalowe, nkhope kuyang'ana kukhoma. Amayi anatulutsa nsalu yoyera yomwe ankasunga, nati amusokera Pulofesa bulauzi yatsopano yoti akavale mumzinda. Pomuyeza, tepi ikuzungulira mapewa ake, Pulofesa anamva kuti amayi ake abwerera kwa iye. Anatseka maso kuti asaone bedi la pamwamba kudzera pa chitseko.

Mpikisano wa mumzinda unali ndi lamulo lake. Mutu ankaupereka pasadakhale, ndipo aliyense ankayenera kubwera ndi mndandanda wa kumene watenga mfundo zake. Mutu wa chaka chimenecho unali wakuti, "Kodi mafoni aziloledwa m'kalasi?" Lachitatu masana, kutatsala masiku awiri, Pulofesa anapita ku laibulale kukaonetsa mndandanda wake.

Woyang'anira laibulale anali mayi wachikulire yemwe ana ankamutchula kuti a Magalasi, chifukwa ankavala ena pamphuno, ena pamutu, n'kumafunafunabe achitatu. Anali atangobwerako ku maphunziro a sabata ziwiri, ndipo za chithunzi chija anangozimva pamwamba. Anakokera mpando pafupi ndi kompyuta.

"Tiye tione, Pulofesa wathu. Mfundo yako yaikulu ndi iti?"

"Iyi. Akuti akatswiri apeza kuti ana asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse okhala ndi foni amalephera mayeso."

"Eee! Akatswiri ake ati?"

Pulofesa anayang'ana pa kompyuta. "Sanatchule."

"Alibe mayina? Makolo awo anaiwala kuwatcha?" A Magalasi anatsitsa magalasi a pamutu n'kuwasanjika pa enawo. "Munthu akakuimika pamsewu n'kukuuza kuti mlatho wagwa, umayamba wamufunsa kuti ndiwe yani, waona liti, ndipo waona wekha kapena wamva. Tsamba la pa intaneti ndi munthu wa pamsewu yemweyo, kungoti wavala taye. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Tsambali mwini wake ndani?"

Anafufuza pamwamba, anafufuza pansi. Panalibe dzina, panalibe keyala, panalibe nambala ya foni. Panali zithunzi zothwanima zokhazokha. Linali tsamba lija la zimangirizo zaulere. Pulofesa anali atalikonda chichitireni chomwe linamuchitira.

"Koma ndi lakale, amayi," anatero podziteteza. "Taonani chaka chake apa pakona."

A Magalasi anaseka. "Chimenecho? Tadina nkhani ina iliyonse."

Pulofesa anadina nkhani ya kasamalidwe ka mitengo. Chaka chinali chomwecho. Anadina ina ya ukhondo. Chomwecho. Anadina ya mpira wa sukulu womwe unaseweredwa mwezi wathawu. Chaka chomwecho, pakona yomweyo.

"Waona? Chimenecho ndi chaka chomwe anatsegula tsambali. Chikwangwani cha pa bekale chikanena kuti tinayamba chaka chakuti, ndiye kuti buledi ali m'menemo anaphikidwa chaka chimenecho? Anthu awa salemba kanthu, mwanawe. Amangoyendayenda kutola za eni, kuchotsa mayina, n'kupachika apa kuti iwe ubwere udzadine zothwanimazi. Ukadina, iwo adya."

Mwana wina anaitana kuchokera ku mashelefu kuti buku la mapu lang'ambika. A Magalasi ananyamuka akung'ung'udza, n'kumusiya Pulofesa yekha.

Pulofesa anasendera pafupi ndi kompyuta. Anatayipa chiganizo chija cha Chete, natsegula tsambalo, ndipo kwa nthawi yoyamba anawerenga kupitirira ndime yoyamba. Mapini pakamwa. Lamba wa waya. Chala chouma. Atafika pakati, maso anaima.

"Azakhali anga akakhala pa makani awo, palibe angawasunthe."

Makani. Kulakwitsa kwa alembi a pasukulu pawo, komwe kunachitika sabata ziwiri zapitazo mu ofesi yoyandikana ndi ya ahedi. Munthu wa zaka zisanu zapitazo akanakudziwa bwanji? Tsambali ndi lomwe linakopera ku sukulu, linakopera ndi cholakwika chomwe.

Pansi penipeni panali mawu akuti, "Werenganinso izi." Pulofesa anaona mutu womwe ankaudziwa ngati chikhatho chake. Anadina. Madokotala a ubongo aja anali pomwepo, mawu ake akuluakulu onse, popanda dzina lake, chaka chija chili pakona. Ngati chithunzi chake chinkasonyeza kuti Chete ndi wakuba, ndiye kuti iyenso anali wakuba.

Anatseka tsambalo msangamsanga n'kuyang'ana kumbuyo. A Magalasi anali kalikiliki kumata mapu. Palibe anaona. Palibe ankadziwa. Lachisanu linali mkuja, dzina lake linali litatumizidwa kale, ndipo bulauzi inali pafupi kutha. Akanangokhala chete masiku awiri okha.

Njira yonse yopita kunyumba ankakangana ndi mtima wake. Kodi iye ananama? Sananame, anangotumiza chomwe anaona. Wochotsa dzina la Chete anali ahedi. Wofalitsa anali Wailesi. Koma chifukwa chiyani sanawerenge mpaka pansi tsiku lija? Yankho ankalidziwa. Sanawerenge chifukwa ankaopa kupeza kuti si zoona. Mfundo ya akatswiri opanda mayina ija akanaikayikira yekha akanaganiza pang'ono. Koma ya Chete anaimeza yosatafuna chifukwa anali ndi njala yake.

Atalowa m'chipinda chosokera anapeza amayi akudula nsalu ya kasitomala. Pa kampando ka pakona panakhala Chete, bulauzi yoyera ili pamwendo, akusokerera mabatani ndi dzanja.

"Wafika bwino," anatero amayi. "Msuweni wako wati akuthandize mabatani, ine ntchito yandichulukira. Tayesa tione."

Chete analuma ulusi n'kumupatsa bulauziyo osamuyang'ana. Mabatani onse asanu ndi limodzi anali pa mzere wowongoka, lililonse lomangidwa kawiri kuti lisakathothoke pamaso pa anthu. Pulofesa anaigwira, koma mikono inakana kulowa.

"Bwanji? Yathina?" anafunsa amayi.

"Amayi, Chete sanakopere."

Sizasi inaima pakati pa nsalu.

"Tsamba lija ndi lomwe linaba ku tsamba la sukulu. Muli ndi mawu aja a makani omwe alembi analakwitsa. Chaka chija si cha chimangirizo, chili pa nkhani zonse. Changanso chilimo. Ndipo chithunzi chija ndinajambula ndine. Pa foni yanuyi. Ndinatumiza kwa Wailesi."

Panja njinga yamoto inadutsa, phokoso lake n'kuzimirira. Amayi anaika sizasi pa tebulo pang'onopang'ono.

"Iwe? Mwana wobala ine?"

"Munalira ndi chake, Amayi. Changa simunachimve n'komwe." Mawuwo anatuluka ndi misozi, ndipo atangotuluka anamva mmene analili aang'ono poyerekeza ndi chomwe anachita.

Amayi anakhala pa mpando wa makina. "Pamenepo ndinalakwa ndine, ndipo tidzakambirana. Koma iwe unandiona ndikumufunsa mwana wa achimwene anga ngati wandinamiza, uli chiimire pomwepo, osatsegula pakamwa." Anatembenukira kwa Chete. "Mwanawe, ndikhululukire. Ndinakhulupirira foni kuposa mwana amene ndimadya naye."

Chete anayang'ana Pulofesa kwa nthawi yoyamba m'masiku asanu ndi atatu. M'maso mwake munalibe mkwiyo woti munthu n'kuuyankha.

"Ndinkadziwa kuti ndiwe," anatero. "Ndi iwe wekha amene umazunguliza zinthu ndi mzere wofiira kawiri."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Akanandikhulupirira ndani? Iwe ndiwe Pulofesa."

M'mawa mwake Pulofesa anagogoda pa ofesi ya ahedi belu lisanalire. Anapempha kuti a Magalasi ndi alembi akhalepo. Anawaonetsa masamba onse awiri, liwu la makani, chaka cha pakona, ndi chimangirizo chake chomwe. Alembi anatulutsa pepala lomwe Chete analemba ndi dzanja, ndipo liwu linali makina, loonekera bwino. Ahedi anavula magalasi n'kugwira pamphumi.

"Iwe unalakwa kwambiri, ndipo chilango ulandira," anatero. "Koma inenso, munthu wamkulu, ndinaweruza mlandu ndi chithunzi chimodzi osatsegula tsamba lake." Anatenga foni n'kuimbira okonza mpikisano. Anachonderera kwa mphindi khumi okonzawo asanavomere kusintha dzina.

Pa asembule Pulofesa anakweradi masitepe atatu aja, koma palibe anawomba m'manja. Anafotokoza zonse. Madzulo analemba uthenga wautali wokonza bodzalo, n'kuutumiza m'magulu onse atatu pamodzi ndi zithunzi zatsopano. Chithunzi choyamba chija anthu anachigawana mpaka kusukulu zina. Uthenga watsopanowu anauyankha anthu anayi okha.

"Tautumizako kwa onse amene unawatumizira poyamba paja," Pulofesa anamupempha Wailesi.

Wailesi anakweza mapewa. "Ndayesa, amwali. Koma ndi wautali, anthu sakuwerenga. Komanso nkhani yoti munthu sanabe si yokoma."

Lachisanu Chete anakana bulauzi yatsopano. Anavala yake yakale ya kolala yoperepeseka, n'kukwera basi ndi mphunzitsi wa kalasi yawo. Pulofesa anatsala akukolopa makalasi a Fomu 1 monga chilango. Atamaliza anatenga kope, n'kuyamba kulemba mayina a anthu onse omwe ankadziwa kuti analandira chithunzicho. A Magalasi anamusindikizira masamba awiri aja pa pepala. Loweruka m'mawa anayenda nawo khomo ndi khomo: kwa mayi wogulitsa zipi, kwa wometa tsitsi wa pakona, kwa makasitomala a amayi omwe anali atasiya kumupatsa moni Chete. Ena ankamvetsera. Ena ankangoti, "Kaya, utsi sufuka popanda moto," n'kupitiriza ntchito zawo.

Chete anabwerako Loweruka masana ndi satifiketi ya nambala yachitatu. Amayi anamukumbatira, naipachika pa chingwe pakati pa madiresi. Pulofesa anadikira mpaka amayi atapita kukapereka zovala kwa kasitomala.

"Zinayenda bwanji?" anafunsa ali chiimire pakhomo la chipinda.

Chete ankamasula zingwe za nsapato. "Tisanalowe mu holo, mtsikana wina wa sukulu ya kuseri kwa njanji anandionetsa foni yake. Anati, 'Si iwe Fotokope uja?' Anzake onse anatembenuka. Ndime yoyamba ndinailemba dzinalo likundilirabe m'makutu."

Pulofesa anatsegula kope lake. "Sukulu ya kuseri kwa njanji. Ali Fomu chani?"

"Ukufuna ukawapeze onse?"

"Ndiyesa."

"Sungawamalize."

"Ndikudziwa."

Analemba dzina la sukuluyo pansi pa mayina makumi anayi ndi atatu, omwe khumi ndi asanu ndi awiri okha ndi amene anali atadulidwa mzere. Chete anaika nsapato zake pansi pa bedi, nakwera pamwamba.

Lolemba ataweruka, Pulofesa anapinda mapepala awiri aja n'kuwaika m'thumba. Ali pa geti la sukulu anamva mapazi kumbuyo. Anali Chete, chikwama chili kumsana, maso ali kumsewu.

"Kuseri kwa njanji amaweruka mochedwa kuposa ife," anatero. "Ukadzera kumsika uwapeza asanabalalike. Mtsikanayo ndi wamtali, ali ndi mpata kumano."

Atatero anakhotera njira ya kunyumba. Pulofesa anamuyang'ana mpaka atazimirira pakona, kenaka anamanga bwino thumba lake n'kulunjika kumsika.